Kuyeza liwiro la madzi mumtsinje pa ulendo wa jogalafe

Funso ndi lakuti: ophunzira a kusekondale angayeze bwanji liwiro la madzi popanda zipangizo zodula? Tengani tepi yoyezera, wotchi ya pafoni, zikhomo ziwiri ndi malalanje angapo.

1. Sankhani pomwe mtsinje wawongoka, madzi ake osapitirira m'mawondo. Ngati kwagwa mvula yambiri kumtunda, ulendowo uyambe waima, chifukwa mtsinje umadzaza mwadzidzidzi.

2. Yezani mamita 10 m'mbali mwa mtsinje, mukhome chikhomo poyambira ndi pothera. Tepi ikhale yokoka bwino.

3. Ikani lalanje m'madzi, osaliponya, mamita awiri kumtunda kwa chikhomo choyamba, kuti pofika pachikhomopo likhale likuyenda kale ndi madzi. Lalanje ndi labwino chifukwa limamira pafupifupi lonse, kansonga kokha n'kumaoneka. Botolo lopanda kanthu lisiyeni, limatengeka ndi mphepo.

4. Wina aime pachikhomo choyamba n'kufuula lalanje likamadutsa, wawotchi akhale pothera. Bwerezani kasanu, pakati ndi cham'mbali momwe. Likakodwa pamwala kapena muudzu, musawerengere, yambiraninso.

5. Pezani avereji ya masekondi, ndipo mugawe mamita 10 ndi avereji imeneyo. Masekondi 20 akupatsani mamita 0.5 pa sekondi.

6. Apa m'pomwe ambiri amalakwitsa. Madzi a pamwamba amathamanga kuposa a pansi, omwe amakhulana ndi miyala ndi mchenga. Choncho chulukitsani yankho lanu ndi 0.85, mupeza mamita pafupifupi 0.43 pa sekondi.