Mmene mungatsatire chithandizo cha matenda okhalitsa otupitsa matumbo

Matendawa alipo mitundu iwiri: ulcerative colitis, amene amagwira matumbo aakulu okha, ndi matenda a Crohn, amene angagwire paliponse kuyambira m'kamwa mpaka kotulukira chimbudzi. Musanayambe mankhwala, pemphani achipatala atsimikize kuti simukudwala kamwazi kapena TB ya m'matumbo, chifukwa zizindikiro zake zimafanana kwambiri, ndipo wodwala TB akapatsidwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, matenda ake amakula msanga.

Matenda akabuka mwamphamvu, dokotala amapereka prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa amene amafooketsanso chitetezo cha m'thupi, kawirikawiri mamiligalamu 40 patsiku, n'kumachepetsa pang'onopang'ono kwa milungu pafupifupi 8. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Magazi akasiya kuoneka m'chimbudzi amaleka kumwa mwadzidzidzi, pomwe thupi linali litachepetsa kupanga mahomoni ake a cortisol, amene prednisolone amalowa m'malo mwake, motero amafooka mpaka kukomoka. Ena amangogula prednisolone ku famase chaka chonse, osadziwa kuti akufooketsa mafupa ndi kukweza shuga. Mankhwala oletsa matenda kubwerera ndi ena: mesalazine kapena sulfasalazine kwa wodwala ulcerative colitis, ndiponso azathioprine, amene amayamba kugwira ntchito pakatha miyezi iwiri kapena itatu ndipo amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi. Infliximab, mankhwala ena amphamvu ofooketsa chitetezo cha m'thupi, amaperekedwa pa diripi, koma pokhapokha mutayezedwa TB ndi hepatitis B. Pewani brufen ndi diclofenac, ndipo ngati muli ndi matenda a Crohn, siyani fodya.

Mukamatsekula m'mimba mwa magazi maulendo 6 kapena kuposerapo patsiku, thupi likutentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati mankhwala a pa diripi a gulu la prednisolone amene amakupatsani kumeneko sanathandize pa masiku atatu, madokotala amayamba kukamba za mankhwala ena kapena opaleshoni, ndipo kuzengereza pamenepa n'koopsa kuposa mpeniwo. Kuchotsa matumbo aakulu onse kumathetsa colitis m'matumbo, koma matenda a Crohn amakonda kubwerera pamene analumikiza matumbo atadula mbali yodwala, n'chifukwa chake mankhwala amapitirira.

Mukaikidwa kathumba ka chimbudzi pamimba pambuyo pa opaleshoni, dulani bowo lake molingana ndi kukula kwa nsonga ya thumbo imene madokotala atulutsira pamimbapo kuti chimbudzi chisasupule khungu, ndipo khuthulani kathumbako kasanafike theka. Chimbudzi cha m'matumbo aang'ono chimakhala chamadzimadzi ndipo chimatuluka ndi mchere wambiri, choncho muzisunga mapaketi a ORS pafupi, makamaka nyengo yotentha ya mu Okutobala.