Momwe mungatsekere ma atomu m'maenje a kuwala, monga anachitira ku Munich mu 2002

Madzi amasanduka ayezi chifukwa cha kuzizira. Kusintha kumene tikufotokoza pano n'kwina: ma atomu amakhala atazizira kale kufika pafupi ndi absolute zero (kuzizira kotheratu, kumene palibe chingazizire kuposa apo), ndipo inu mumangosintha mphamvu ya kuwala. Asayansi amati quantum phase transition, kutanthauza kusintha kwa khalidwe la gulu la ma atomu kosabwera chifukwa cha kutentha kapena kuzizira. Markus Greiner, Immanuel Bloch ndi anzawo anaonetsa zimenezi ku Munich, ku Germany, mu 2002, potsatira maganizo amene Dieter Jaksch, Peter Zoller ndi anzawo analemba mu 1998. Zimafuna labotale yaikulu, koma ndondomeko yake wophunzira physics aliyense angaimve.

Choyamba, ziziritsani ma atomu a rubidium-87 (mtundu wina wa chitsulo chotchedwa rubidium) m'chipangizo chopopedwa mpweya wonse. Yambani ndi laser, kenako agwireni ndi maginito n'kulola otentherapo athawe. Otsalawo amakhala Bose-Einstein condensate, gulu lochita zinthu ngati funde limodzi. Ku Munich analipo pafupifupi 200,000.

Chachiwiri, konzani maenje. Walitsani laser ya mafunde otalika 852 nm (nm ndi nanomita, gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita) kuchokera mbali zitatu, ndipo mbali iliyonse kalilole azibweza kuwalako. Kuwala kopita ndi kobwera kukakumana kumapanga timaenje totalikirana 426 nm, tondandalikana ngati maenje a bawo, kungoti tafalikira m'litali, m'lifupi ndi m'mwamba momwe.

Chachitatu ndiye pagona nkhani. Onjezerani mphamvu ya laser pang'onopang'ono kuti maenje azame. Apa pali zinthu ziwiri zolimbana. Atomu imatha kudutsa khoma n'kulowa m'dzenje loyandikana nalo popanda kulumpha pamwamba, zimene amati tunnelling. Komanso ma atomu awiri akakhala m'dzenje limodzi amakankhana. Maenje akakhala osaya, kudutsa kumapambana: atomu iliyonse imafalikira paliponse, simungadziwe kuti m'dzenje muli angati, ndipo gululo ndi superfluid, kutanthauza kuti limayenda mosatsekereka. Akazama kupyola pafupifupi 13 recoil energy (muyezo wa mphamvu woyezera kuya kwa maenjewo), kukankhana kumaposa. Dzenje lililonse limakhala ndi chiwerengero chokhazikika, atomu imodzi kapena awiri, ndipo palibe amene akusuntha. Iyi ndiye Mott insulator. Musapupulume. Anzathu a ku Munich ankatenga 80 ms (ms ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi) pozamitsa maenjewo, chifukwa mukafulumira mumangotenthetsa ma atomu, ntchito yonse n'kuonongeka.

Chachinayi, zimitsani laser ndi maginito nthawi imodzi, ma atomu agwe momwazikana kwa 15 ms, kenako jambulani chithunzithunzi chawo. Superfluid imaonetsa timadontho towala toyalana bwino, chifukwa mafunde ochokera m'maenje onse akugwirizana. Mott insulator imaonetsa chimtambo chimodzi chosalongosoka.

Chachisanu, bwererani m'mbuyo, ndipo kwa ine apa m'pamene pali umboni weniweni. Chimtambo chija pachokha sichitsimikizira kanthu, poti ma atomu ongotenthedwa amaonekanso chimodzimodzi. Choncho yambaninso, fikani pa Mott insulator, kenako chepetsani mphamvu ya laser musanajambule. Ngati timadontho tabwerera, ndiye kuti ma atomu sanaonongeke, anangotsekeredwa. Ku Munich timadonthoto tinabwereratu maenje atachepetsedwa kuya m'nthawi ya pafupifupi 14 ms. Timadonthoto tikapanda kubwerera, onaninso ngati laser yanu sikugwedera, kenako bwerezani gawo lachitatu modekha kuposa poyamba.