Momwe Mungaitanitsire Masoli ndi Zipangizo Zina za Nsapato Kuchokera Kunja

Nsapato imodzi ikhoza kusokedwa m'dziko lina, soli yake kuumbidwa kwina, chikopa n'kufufutidwa kwinanso. Wosoka nsapato wamng'ono naye akhoza kulowa m'malonda amenewa, koma ambiri amathamangira kufunsa mtengo pomwe mtengo ndi nkhani ya kumapeto.

Yambirani pa chikombole, chija chooneka ngati phazi chomwe mumakungirapo chikopa. Soli iliyonse imaumbidwa motengera chikombole chake, n'chifukwa chake saizi 42 ya fakitale ina simafanana ndi 42 ya fakitale inzake. Masaizi a ku Ulaya amatalikirana ndi mamilimita 6.67, a ku Britain ndi mamilimita pafupifupi 8.5, ndiye kungolemba nambala ya saizi sikukwanira. Ikani chikombole papepala, zungulizani pensulo m'mphepete mwake, yezani m'litali, m'lifupi ndi msinkhu wa chidendene, mutumize zonsezo kwa wogulitsa. Ngati thumba likulola, gulani zikombole ndi masoli kwa munthu mmodzi. Soli yoperewera mamilimita atatu okha imasiya mpata kuchala, ndipo palibe guluu amene angatseke mpata umenewo.

Kenako sankhani chopangira soliyo. Labala ndi wolemera koma amapirira ndipo saterera. EVA, pulasitiki wofewa ngati siponji, ndi wopepuka, amakomera masandasi ndi nsapato zothamangira, kungoti amaphwa akapondedwa nthawi yaitali. Pa PU (polyurethane, mtundu wina wa pulasitiki) m'pofunika kusamala kwambiri: amaoneka bwino, ndi wofewa kuphazi, koma akakhalitsa pamalo otentha ndi achinyontho amayamba kunyenyeka ngakhale asanavalidwe. Musagule PU wambiri woti akhale m'nkhokwe zaka, ndipo funsani tsiku limene anaumbidwa.

Ogulitsa ambiri ali ku China, makamaka ku Jinjiang, Wenzhou ndi Dongguan. Za chikopa zimapezekanso ku Agra ndi Kanpur ku India, ku Novo Hamburgo ku Brazil, ndi m'chigawo cha Marche ku Italy. Kulikonse kumene mwasankha, itanitsani zitsanzo musanalipire katundu yense. Zikafika, sokani peyala imodzi, wina aivale milungu ingapo. Pindani soliyo kangapo pamene phazi limapindikira muone ngati ikuchita ming'alu. Chitsanzo chimodzi chisungeni mutachilemba tsiku, chifukwa ndicho mboni yanu katundu akadzabwera wosiyana.

Tsopano za msonkho, pamene ambiri amapsa zala. Katundu wodutsa malire amadziwika ndi nambala za HS, dongosolo lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1988, la bungwe loona za kasitomu padziko lonse la World Customs Organization. Zigawo za nsapato zili pa 6406. Gawo la pamwamba pa nsapato ndi 6406.10, masoli akunja ndi zidendene za labala kapena pulasitiki ndi 6406.20, zotsalazo, monga zoyala m'kati, ndi 6406.90. Koma zipi, mabatani, zingwe, timphete tachitsulo tolowetsamo zingwe ndi guluu sizili pa 6406. Chilichonse chili ndi nambala yake ndi msonkho wake, choncho uzani wogulitsa azilembe padera pa invoisi.

Pali lamulo lina loti mulidziwe bwino. Katundu wobwera wosalumikiza, koma woti akangolumikizidwa wakhala chinthu chathunthu, a kasitomu amamuwerenga ngati chinthu chathunthucho. Mukaika masoli 500 ndi zapamwamba 500 zogwirizana nawo mu katundu mmodzi, akhoza kunena kuti mwabweretsa nsapato, n'kukudulani msonkho wa nsapato, umene m'maiko ambiri ndi wokwera kuposa wa zipangizo. Funsani ajenti wotulutsa katundu kapena ofesi ya kasitomu katunduyo asanapakiridwe, osati atafika kale padoko.

Apa ndiye mungakambe za mtengo, ndipo mtengo uliwonse ukhale ndi zilembo zitatu za Incoterms 2020 pambali pake, malamulo osonyeza pomwe udindo wa wogulitsa uthera ndi pomwe wanu uyambira. EXW ndiye kuti mukatenga nokha pakhomo la fakitale. FOB, wogulitsa akweza katundu m'sitima ndipo kuchokera apo zonse ndi zanu. CIF, wogulitsa walipira sitima ndi inshuwalansi mpaka padoko lofikira, ngakhale kuti katundu akaonongeka panyanja chiopsezo chimakhala chanu kale. Ambiri amalipira 30 peresenti poyamba, yotsalayo katundu akakonzeka. Ndalama zipite ku akaunti ya kampani yolembedwa pa invoisi. Wina akakulemberani mwadzidzidzi kuti akaunti yasintha, imbani foni mutsimikize musanatumize kalikonse.

Ngati katundu sakudzaza kontena, amapakiridwa pamodzi ndi wa anthu ena ndipo mumalipira potengera malo amene watenga, choncho masoli apakidwe mothithikana. Guluu wa nsapato wambiri amayaka moto msanga ndipo ali ndi malamulo ake onyamulira, ndiye musamubise pakati pa masoli.

Mapepala ofunika ndi invoisi, ndandanda ya zimene zili m'katoni iliyonse, bill of lading (chikalata cha kampani ya sitima chosonyeza kuti yalandira katundu), ndi chikalata chosonyeza dziko limene katundu wapangidwa. Manambala a pa mapepala onsewa agwirizane.

Katundu akafika, tsegulani makatoni tsiku lomwelo. Werengani saizi ndi saizi, onani ngati akumanja ndi akumanzere akufanana kuchuluka, yerekezani ndi chitsanzo chija, ndipo cholakwika chilichonse chijambuleni n'kutumiza kwa wogulitsa musanamate soli ndi imodzi yomwe.