Momwe mungatsitsire kutsogolo kwa pikapu ya ma torsion bar

Musanagwire sipanala, gwadani kaye musuzumire pansi pa galimoto, chifukwa zomwe ndikunenazi ndi za ma pikapu a torsion bar, monga Nissan Hardbody, Isuzu KB zakale zija komanso ma Hilux ambiri otuluka chisanafike chaka cha 2005. Mukaona ndodo yachitsulo yayitali yochokera pa control arm, chitsulo chogwira gudumu lakutsogolo, kupita kumbuyo cha kunsi kwa mipando, ndi imeneyo, imodzi mbali iliyonse. Ngati yanu ili ndi ma coil spring nkhani iyi si yanu, ndipo asakunamizeni anyamata a girayinda kuti angodulako pang'ono, galimoto imakhala ikudumpha ngati chule.

Dzulo lake thirani WD-40 pa mabawuti a kumbuyo kwa ndodozo, ena amathira mafuta a buleki, zimathekanso. M'mawa imikani galimoto pa simenti posalala, yezani ndi tepi kuchokera pakati pa gudumu kufika m'mphepete mwa madigadi, mbali zonse ziwiri, manambalawo mulembe. Kenako jeke, ndipo muikepo ma stand. Njerwa ayi chonde, zimaphwanyika inu muli pansi pomwepo.

Kumapeto kwa ndodo iliyonse kuli bawuti yayitali ya manati awiri. Masulani nati yotsekera, kenako muzibweza inzakeyo mukuwerenga, ndi choko lembani chizindikiro kuti musasokonezeke. Mukazungulitsa kanayi pa ndodo ya kumanja, pa ya kumanzerenso kanayi.

Apa ndi pomwe ine ndinadzipweteka pa Hardbody yanga. Nditazungulitsa ndinatsitsa jeke nkuyeza pompo, tepi ikuonetsa ngati sindinachite kanthu, ndiye ndinati mwina ndachepetsa, ndabwereranso pansi, ndamasulanso, ndayezanso, chimodzimodzi, mpaka ulusi wa bawuti unatsala pang'ono kuthera mu nati. Osadziwa kuti galimoto ikangochoka pa jeke siikhala pamalo pake, matayala amakhala atagwira simenti ndiye imayima motukuka. Nditangoyenda kukafika pa hampu yoyamba inakhala pansi yonse, control arm kugona pa ma bump stop, timalabala timene timaletsa chitsulo kugunda chinzake. Bampu iliyonse ndimayimva m'msana. Ndinachita manyazi kubwerera, ndinayenda nayo choncho milungu ingapo, matayala akutsogolo onse awiri anadyeka mkati mokhamokha kunja kuli bwinobwino, ndipo mtengo wa tayala masiku ano mukuudziwa nokha.

Ndiye inu mukatsitsa jeke, yendetsani galimoto kutsogolo ndi kumbuyo mamita angapo, ikanikizeni pa bampala kangapo, mukatero ndiye yezani. Pang'onopang'ono. Pa njira imeneyi masentimita 4 kapena 5 ndi okwanira, ndipo pakati pa bump stop ndi control arm pazitsala mpata. Ofuna yogona pansi zenizeni amagula ma drop spindle, zitsulo zomangapo gudumu zimene zimatsitsa galimoto, koma ndi mahampu athuwa komanso maenje a nthawi ya mvula, sampu ya oyilo muziyiwerengera.

Zikafanana mbali zonse mangani nati yotsekera ija, musayiwale. Tsiku lomwelo pitani ku alayimenti, camber ndi toe, kutanthauza kaimidwe ka matayala, zimakhala zasuntha. Ma shock ngati anali otopa kale asintheni, koma samalani ndi mashopu ena a masipeya, ine anandigulitsapo akale opaka penti yatsopano, ali mu katoni yabwinobwino. Akanikizeni ndi dzanja musanapereke ndalama, akamalowa osalimbalimba asiyeni pomwepo.

Kumbuyo kumatsitsidwa ndi ma block ndi ma U-bolt aataliko ngati axle ili pamwamba pa ma spring, makaniko aliyense amadziwa, koma ngati mumanyamula matumba a chimanga kusiyeni momwe kulili. Magetsi akutsogolo muwakwezeko pang'ono, amakhala akuloza pansi.