Zooneka ngati zakwathu m'masitolo a ku Britain

Mukangofika kumene ku Britain, mashelefu a ku Tesco kapena ku Aldi amakulimbitsani mtima: ufa ulipo, chiponde chilipo, nyemba ndi chimanga zilipo. Vuto limadzaonekera mumphika.

Paketi yolembedwa cornflour musaigule poganiza kuti mudya nsima. Ndi sitachi yokhuthalitsira msuzi, ndipo mukaithira m'madzi otentha imangosanduka zonanda zomata pamthiko. Ufa weniweni uli m'mashopu a anthu a ku Africa ndi a amwenye, makamaka wa ku South Africa monga Iwisa ndi White Star.

Chomwe chimandimvetsa chisoni kwambiri ndi chiponde. M'mabotolo ambiri amathiramo shuga, mchere ndi mafuta ena. Munthu wasowa kwawo, wagula masamba ndi ndalama yovutikira, watendera ndi chiponde chimenechi, kenako ndiwo zonse zikutsekemera moti ndi nsima sizilowa. Fufuzani botolo lolembedwa 100% peanuts, apo ayi gulani mtedza wosakazinga mupere nokha nsinjiro mu blender. Nyemba za m'chitini zotchedwa baked beans nazonso n'zashuga; zandiwo ndi kidney beans zoviikidwa m'madzi okha. Chimanga chachikasu chija ndi chofewa, chamadzimadzi, chotsekemera. Ngakhale muchiwotche pamakala sichifanana ndi mondokwa.

Marmite amaoneka ngati chokoleti chopaka pa buledi, koma ndi wamchere koopsa. Amamupanga kuchokera ku yisiti yotsala pofulula mowa, ndipo anayamba mu 1902 ku Burton upon Trent. Eni ake amangopaka pang'onong'ono pamwamba pa batala.

Abale achisilamu ndi a Seventh-day Adventist, apa ndiye samalani. Kachidutswa kakuda kozungulira kamene amaika pambale ya kadzutsa pambali pa mazira, black pudding, nthawi zambiri amakapanga ndi magazi a nkhumba. Maswiti ambiri ofewa amene ana amalirira alinso ndi gelatine wa nkhumba.

Choncho tembenuzani paketi musanalipire. Lamulo la kuno limati zonse zothiramo zilembedwe motsatira kuchuluka kwake, chochuluka kwambiri poyamba. Shuga akakhala wachiwiri kapena wachitatu pamzerewo, chimenecho si cha ndiwo.

Nkhuku ya m'sitolo zazikulu imafewa msanga ndipo msuzi wake ndi wozizira. Mukafuna yolimba ngati yachikuda, pitani kubutchala ya halal mukafunse hard chicken, ndipo muiphike pamoto wochepa kwa nthawi yaitali.