Loathe ndi loath: mmene mungawasiyanitsire osasokonezanso

Anzanga, makamaka inu mukukonzekera MSCE, mawu awiriwa amagwetsa anthu ambiri ndipo zimandiwawa kuona mwana wanzeru akutaya malikisi chifukwa cha kachilembo kamodzi basi, e.

Yambani ndi tanthauzo. Loathe ndi mneni, ndi kunyansidwa nacho chinthu, osati kungoipidwa chabe ayi koma kuja ukangochiona mtima umachita nseru. Loath wopanda e uja ndi mfotokozi ndipo mulibe chidani mmenemo, ndi kunyinyirika. Munthu akati "I am loath to go" akungonena kuti mtima sukufuna kupita, ndipo taonani kuti pambuyo pake pamabwera to pafupifupi nthawi zonse.

Onsewa anachokera muzu umodzi, lath, mawu a Chingerezi chakalekale otanthauza chinthu choipa, chodedwa. Abale ake alipobe mpaka lero, ku Germany amati Leid kunena masautso, a ku France anabwereka m'bale wake wina n'kukhala laid, chinthu chosaoneka bwino. Koma chimene chimandisangalatsa ine ndi ichi, kale loathe ankayenda ngati mmene ife timanenera kuti "zikundinyansa", chinthucho ndi chimene chinkachita ntchito pa munthu, kenako m'kupita kwa zaka anatembenuza kuti munthuyo ndiye azikhala patsogolo, I loathe it. Ndiye mukamaganiza m'Chichewa muziyamba ndi "ndikunyansidwa nazo" osati "zikundinyansa", chiganizo chanu chituluka chowongoka.

Pokumbukira sipelo gwiritsani mawu omwe mukuwadziwa kale, breath ndi breathe, bath ndi bathe, cloth ndi clothe. Pa mawu amenewa, paliponse pamene pali e kumapeto ndi mneni. Loathe ali m'gulu lomwelo.

Katchulidwe ndiye kovutirapo chifukwa th yathu ya mu "thupi" si imeneyi. Ikani nsonga ya lilime pakati pa mano, chala pakhosi. Pa th ya loathe kholingo linjenjemere ngati mukunena the, pa th ya loath lisanjenjemere, mpweya wokha ngati mu both. Bwerezani kangapo mokweza.

Chomaliza, musamangomwaza loathe paliponse, ndi mawu olemera. Ndiwo zosakoma dislike akukwanira. Loathe musungireni zinthu ngati nkhanza, katangale, munthu wozunza ana. Lero lomwe lembani ziganizo ziwiri, china cha loathe china cha loath to, muwerengere mnzanu mokweza aone ngati akumva kusiyana kwake.