Momwe Kholo Lingathandizire Mwana Amene Akuvutika Maganizo ku Sekondale

Mwana akabwera kutchuthi kuchokera kusukulu yogonera komweko, musayambe ndi kufunsa za malikisi. Yambani mwaona mmene akudyera ndi mmene akugonera. Mwana amene kale ankacheza pakhonde mpaka usiku koma tsopano akungodzitsekera m'chipinda, kapena amene akupempha ndalama pafupipafupi osafotokoza ntchito yake, nthawi zambiri amakhala ndi chinthu chimene chikumudya mumtima.

Sankhani nthawi imene manja ali pa ntchito, monga potong'ola chimanga kapena popita kudimba, chifukwa achinyamata ambiri amamasuka pamene sakuyang'anidwa m'maso. Mufunseni za anzake ogona nawo, za ophunzira akuluakulu amene amamuchapitsa zovala ngati ali Fomu 1, ndiponso ngati alipo omukakamiza kusuta chamba, kumwa mowa kapena kukhala ndi chibwenzi kuti asamasekedwe. Akaulula musamukalipire, pakuti mukatero sadzakuuzaninso kanthu. M'malo mwake yeserani naye mawu okanira, ngakhale ongoti "kwathu akamva andisiyitsa sukulu," amene angamupulumutse osachita manyazi pamaso pa anzake.

Sukulu ikatsegulidwa, kaonaneni ndi mphunzitsi wa kalasi yake, makamaka ngati ali Fomu 4 pamene mantha a mayeso a MSCE amakula. Koma mwana akangotchula zofuna kudzipha, musadikire mawa. Musamusiye yekha, bisani mankhwala ophera tizilombo amene ali pakhomo, ndipo pitani naye kuchipatala cha boma kapena imbani nambala yaulere yothandiza ana ya 116.